Voti ya "bola uyu"

Ku Nellmapius, dera lomwe lili kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria pafupi ndi Mamelodi, nyumba zambiri n'zomwe boma lidamangira anthu osauka chipani cha ANC chitatenga ulamuliro m'chaka cha 1994. Kwa zaka zambiri, denga la nyumbazo lidali chifukwa chokwanira chovotera chipanicho. Pofika pa chisankho cha pa 29 May 2024, dengalo silidalinso lokwanira.

Ku South Africa munthu savotera pulezidenti mwachindunji. Amavotera chipani, ndipo aphungu ndiwo amasankha mtsogoleri wa dziko. Komabe wovota aliyense amadziwa nkhope yomwe ili kuseri kwa chizindikiro. Kuseri kwa ANC kudali a Cyril Ramaphosa, omwe adali ndi nkhani ya madola obisidwa m'sofa pa famu yawo ya Phala Phala, kuphatikizapo zaka za kuthimathima kwa magetsi. Kuseri kwa chipani chatsopano cha MK kudali a Jacob Zuma, omwe khoti lidawaletsa kukhala phungu chifukwa cha chilango cha miyezi 15 chomwe adalandira ponyozera khoti. Chipani cha DA chidatsogolera khonsolo ya Tshwane kwa nthawi yaitali kuyambira 2016, ndipo anthu adali asanaiwale zinyalala zomwe zidaunjikana m'misewu pa sitiraka ya ogwira ntchito m'khonsoloyo mu 2023.

Anthu ambiri adayankha pokhala kunyumba. Mwa anthu pafupifupi 27.7 miliyoni omwe adalembetsa, ovota sadafike 59 pa 100 alionse, ndipo ANC idatsika kufika pa mavoti 40 pa 100 alionse. Ngakhale zidatero, pa 14 June aphungu adasankhanso a Ramaphosa. Omwe adakhala kunyumba adalanga chipani, koma mtsogoleri adatsala yemweyo, ndipo za mgwirizano wa zipani zidakambidwa m'zipinda momwe wovota salowamo.

Amalawi omwe amasamala maluwa ndi kugwira ntchito za m'nyumba m'madera a anthu olemera ozungulira Nellmapius adangoonerera. Kumeneko savota chifukwa si nzika, ndipo kwawo sangavote pokhapokha atakwera basi kukalembetsa ndi kukaponya voti pamalo pake. Chomwe ali nacho ndi foni ndi ndalama zomwe amatumiza kumudzi, ndipo ndalamazo zimawauza msanga mtengo wa thumba la feteleza.

Chaka chotsatira idali nthawi ya abale awo, ndipo iwo adachita zosiyana. Pa 16 September 2025 Amalawi adapita kukavota mwaunyinji, oposa atatu mwa anayi alionse olembetsa. Pa pepala padali maina 17, koma mpikisano weniweni udali pakati pa anthu awiri omwe onse adalawidwa kale. A Peter Mutharika ndi omwe chisankho chawo cha 2019 chidafafanizidwa ndi khoti pa 3 February 2020 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo Tipp-Ex pa mapepala a zotsatira. A Lazarus Chakwera adalowa m'boma mu June 2020 ndi malonjezo a mgwirizano wa Tonse: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu pa tsiku, ndi feteleza wa K4,495. Mlimi adauona ndithu mtengowo m'chaka choyamba cha AIP. Kenaka udakwera kufika pa K15,000, chiwerengero cha opindula chidachepa, ndipo pamsika thumba lidadutsa K100,000. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

A Mutharika, ali ndi zaka 85, adapambana ndi mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, a Chakwera n'kupeza 33. Kungakhale kudzinamiza kunena kuti onsewo adavota chifukwa cha chikondi. Ambiri adayerekeza mtengo wa chimanga, shuga ndi mafuta a galimoto wa nthawi ziwirizo, nati bola uyu. Mu 2020 adanenanso mawu omwewo, chala chikuloza kwina.

Voti yotere si yopusa ayi. Ndiyo yachotsa atsogoleri okhala pampando mu 2014, 2020 ndi 2025, zomwe maiko ambiri a mu Africa sadazionepo. Pakati pa kukhala kunyumba ndi kusankha wochepa zoipa, njira yachiwiriyi ili ndi mano. Vuto lake n'lakuti imaphunzitsa zipani ulesi. Chipani chotsutsa sichifunika kukonza mfundo kapena kulera atsogoleri atsopano. Chimangodikira kuti wolamulira atopetse anthu. N'chifukwa chake pa pepala la 2025 padalinso mai Joyce Banda ndi a Atupele Muluzi, maina omwewo omwe adalipo mu 2014.

Alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko m'midzi amamva dandaulo lakuti "onse ndi amodzi" pafupifupi pa msonkhano uliwonse. Kutsutsa mlimi wonena zimenezi n'kutaya nthawi, pakuti umboni ali nao. Chothandiza n'kumukumbutsa kuti tsiku lomwelo adalandira mapepala atatu. Pulezidenti sangamupeze, koma khansala amakhala m'dera momwemo, ndipo komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya m'dera la mfumu yaikulu ingathe kumuitana kuti afotokoze za mjigo, mlatho kapena ndalama za chitukuko cha m'dera. Malonjezo a phungu angathe kulembedwa m'buku la komiti, tsiku ndi malo omwe adanenera, n'kuwerengedwa pamaso pake chaka chikatha.

Mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe idalipo m'gawo 64 la malamulo aakulu a dziko a 1994. Aphungu adalichotsa gawolo mu 1995, lisadagwirepo ntchito pa munthu ndi mmodzi yemwe.