BP ya kumtundu

Pali mawu amene afala kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, ndipo amandinyansa kwambiri akamatuluka pakamwa pa munthu amene dzanja lake lili m'kambale ka mchere: "BP imeneyi ndi ya kumtundu kwathu." Amanenedwa modekha, ngati munthu akutchula mfunda wake, Phiri kapena Banda, chinthu choti sungachichape ndi sopo. Akatero nkhani yatha. Kukayezetsa pa chipatala cha Mua Mishoni n'kutaya ndalama ya kabaza, mapiritsi n'kuvutitsa mmero. Chowawa n'chakuti mawuwa si bodza lamkunkhuniza. Muli choonadi ndithu, koma anthu achisandutsa mtsamiro.

Choonadicho ndi ichi. M'thupi muli timapuloteni totchedwa ma enzaimu, timene timaphwanya, kusintha ndi kutaya zimene tadya. Malangizo opangira timeneti timatengera kwa makolo kudzera m'majini, osati majini a kwa asing'anga aja, koma a DNA, ndipo malangizowo amasiyana pang'ono munthu ndi mnzake. Chiwindi chili ndi tizipata tokokera kolesitero woipa kuchoka m'magazi, ndipo pali puloteni ya gulu la ma enzaimu, dzina lake PCSK9, imene ntchito yake n'kugwetsa tizipatato. Mu 2006 Jonathan Cohen ndi Helen Hobbs a ku Dallas anasonyeza kuti mwa anthu akuda a ku America amene anatsatiridwa kwa zaka 15, pafupifupi atatu mwa 100 alionse anabadwa ndi jini ya PCSK9 yolumala. Kolesitero wawo woipa anali wotsika ndi 28 peresenti, ndipo chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima chinachepa ndi 88 peresenti. Chaka chotsatira, kulumala kwa mtundu womwewo kunapezeka mwa amayi apasikelo ku Zimbabwe, pafupifupi anayi mwa 100 alionse. Ndiye kuti kumtundu kumachokeranso mwayi, ngakhale sindinamvepo wina akudzitama nawo. Tsoka lake mwayiwo ndi wa ochepa. Enafe tili m'gulu la 96 otsala aja.

Chotikhudza kwambiri kuno ndi mchere. Anthu ambiri akuda impso zawo zimasunga mchere mouma manja, ndipo enzaimu yotchedwa renin imakhala yochepa m'magazi mwawo. N'chifukwa chake mankhwala monga enalapril, akakhala okha, kawirikawiri satsitsa BP ya munthu wakuda ngati mmene amachitira amlodipine kapena kapiritsi kokodzetsa kaja, HCTZ. Taonani tsono: chibadwa chomwecho chimene anthu akuti n'chosachiritsika ndicho chikuuza dokotala mankhwala oyenera, n'kuuza wophika kuti achepetse dzanja. Bungwe la WHO limati mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, kasupuni ka tiyi kosadzadza. Nanga tikaphatikiza wa m'ndiwo, wowaza pa chipisi ndi kanyenya wa pamsika, wa m'timakyubu tokometsera, ndi soda wa m'therere, kasupuniko kamakhala katadzadza kangati dzuwa lisanapendeke?

Mwambi umene amathawirako ndi wakuti make mbuu, mwana mbuu. Ndimaukonda mwambi umenewu, ndipo n'chifukwa chake sindifuna kuti uzinamiziridwa. Mbuu si magazi. Mbuu ndi kutuwa kwa khungu losasamba, losadzola. Mayi ndi mwana atuwira limodzi chifukwa agona pa fumbi limodzi. Pabanja sitipatsirana majini okha, timapatsirananso mphika. Amene anakulira ndiwo zowawa mchere, iyenso akakwatiwa ndiwo zake zidzawawa mchere, ndipo BP ikabwera m'mibadwo itatu, magazi amasenzetsedwa mlandu wonse pamene gawo lake lina ndi la m'khitchini.

Ena ati, agogo athu ankadya utaka ndi usipa wothira mchere moyo wawo wonse, BP sankaidziwa. Kusaidziwa ndiko kunali, poti panalibe woyeza. Munthu akagwa m'munda n'kufa ziwalo mbali imodzi, ankati amulodza, ndipo nkhalamba ina ya m'mudzi inkavutika nazo. Komanso agogowo therere ankaphikira chidulo cha phulusa, chomwe chili ndi potaziyamu wambiri, osati soda wa m'pepala amene ndi mbale wake wa mchere. Kumunda ndi kunyanja ankapita wapansi, mafuta ophikira ankawaona pa Khirisimasi. Lero woyeza alipo, ndipo kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 magazi ake ankathamanga mopitirira, ambiri osadziwa n'komwe. Majini a fuko lonse sangasinthe m'zaka makumi asanu. Chasintha ndi mbale.

Enanso ati, zoyeza majinizo n'za ku Dallas, ku Mua angazipeze ndani? Zoona, koma mbiri ya banja ndi chipimo chaulere, ndipo ife Achewa kulondola mbumba timakutha. Pokhapo mwambo wathu uli ndi diso limodzi. Timadziwa bwino chimene chinapha amalume, agogo akuchikazi ndi achemwali awo a mayi. Kuchimuna timangoti kunagwa zovuta, poti mkamwini ndi tambala, ana ndi a nkhuku yaikazi. Koma DNA sidziwa chikamwini. Mwana amatenga theka kwa mayi, theka kwa bambo, ngakhale bamboyo anachotsedwa pamudzi mwanayo akukwawa. Mnyamata wa zaka 30 wa pa Mtakataka, amene bambo ake anagwa ndi sitiroko asanamere imvi, afunika kupereka mkono kwa namwino kuti amuyeze BP chaka chino, ngakhale kwa amalume ake onse akufika zaka 90 akulimabe mpunga kudambo.