Madokotala amawa aphunzire kuthana ndi ululu

Ku Mulanje, monga m'maboma ambiri, odwala khansa ya khomo la chiberekero kapena ya kummero amafika kuchipatala matenda atakhwima kale, opaleshoni singathandizenso. Chimene chimatsala ndi ululu, ndipo ife tikuona kuti apa ndi pomwe maphunziro a madokotala ndi ma clinical officer athu akuperewera.

M'kalasi wophunzira amaloweza ndondomeko ya WHO ya 1986: kuyamba ndi panado, kukwera pa codeine kapena tramadol, ululu ukakula kupereka morphine. Koma akalowa m'wodi, dzanja limalemera polemba morphine. Amaopa kuti wodwala azolowera mankhwalawo kapena asiya kupuma. Achibale nawonso amanong'onezana kuti morphine amapatsa munthu woti zake zatha. Mayi wa ku Chonde kapena ku Muloza, yemwe anakula akuuzidwa kuti munthu wamkulu amapirira, akafunsidwa amangoti "ndiliko bwino," mano atalumana, nsalu ataifinya m'manja. Wophunzirayo amalemba panado n'kupita pa bedi lina.

Chofunika n'kukhala pansi ndi kufunsa bwino. Pakupweteka ndi pati, mayi? Pakubaya kapena pakutentha? Usiku mukumagona? Kenako wophunzirayo adziwe kuti morphine wamadzi amamwedwa pa maola 4 alionse, usana ndi usiku, osadikira kuti ululu ubwerere. Adziwenso kuti mankhwalawa amadzimbitsa, choncho amaperekedwa limodzi ndi ofewetsa m'mimba, ndipo wosamalira wodwala kumudzi afotokozeredwe zonsezi m'chilankhulo chimene amamva.

Aphunzitsi a ntchitoyi alipo kale. Kiliniki ya Tiyanjane pa chipatala cha Queens ku Blantyre yakhala ikuigwira kuyambira 2003, ndipo chipatala cha Mulanje Mission, cha sinodi ya Blantyre ya CCAP, chili ndi gulu losamalira odwala matenda osachiritsika. Anamwino a m'magulu otere amadziwa zambiri za ululu kuposa madokotala ena, ndipo si chamanyazi kuphunzira kwa iwo.

Tikupempha sukulu ya KUHeS ndi Malawi College of Health Sciences kuti wophunzira aliyense azigwira ntchito ndi magulu amenewa kwa masabata angapo, alembe yekha morphine pamaso pa womuyang'anira, asanalandire pepala lake. Unduna wa Zaumoyo nawo uonetsetse kuti morphine sakusowa kufamase ya chipatala cha boma ku Mulanje ndi m'zipatala zazing'ono zozungulira phiri.