Nyanga za Saddam zidapita kuti?

Kumudzi timawadziwa asing'anga ofika osaitanidwa, n'kunena kuti m'nyumba ya uje muli nyanga. Amagumula zipupa, kukumba pansi, kudya nkhuku za eni ake. Nyanga zikapanda kupezeka, ati zathawa usiku.

America idachita zomwezo ku Iraq. Mu Febuluwale 2003 a Colin Powell adaonetsa kabotolo ku United Nations, kunenetsa kuti Saddam Hussein wabisa zida zopulula anthu. A Hans Blix, amene ankafufuzadi, adapempha nthawi. Koma abale, ndani angadikire ndege atazithira kale mafuta? Pa 20 Malichi mabomba adayamba kugwa pa Baghdad. Pa 1 Meyi a George W. Bush, ali pa sitima yankhondo, adalengeza kuti nkhondo yaikulu yatha. Asilikali awo adachokako mu 2011!

Nanga nyanga zija? Mu 2004 ofufuza awo omwe adavomera kuti nkhokwe za zidazo kudalibe. Saddam adali wankhanza, inde, koma m'ma 1980, pomenyana ndi Iran, sing'anga yemweyu ankamusisita pamsana.

Saddam adanyongedwa mu 2006. Sing'anga sadaitanidwe kubwalo. Chindapusa chake chidali nsapato ziwiri zimene mtolankhani wa ku Iraq adagenda nazo a Bush mu 2008, ndipo zonse zidawaphonya.