Muyeso wa Mankhwala a BP Ulemekezedwe

Kuyambira ku Makanjira kufikira ku Monkey Bay, amayi oyembekezera amene apezeka kusikelo ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi amabwerera kwawo ndi mapiritsi a methyldopa, amene ambiri amawatcha Aldomet. Ndipo popeza mankhwalawa amagwira ntchito yake mu ubongo, kumene amafatsitsa mitsempha yolamulira kuthina kwa njira za magazi, ife tikuti muyeso wake ndi woyenera kuulemekeza ndithu.

Kawirikawiri dokotala amayamba ndi piritsi la mamiligalamu 250 kawiri kapena katatu pa tsiku, nawonjezera pang'onopang'ono patapita masiku osachepera awiri, osapitirira magalamu 3 pa tsiku; pakuti mankhwala omwewo amene atchinjiriza mayi ku zoopsa za kuthamanga kwa magazi nthawi ya pakati amadzetsanso tulo, kuuma kukamwa, ndi chizungulire chimene chingagwetse munthu wodzuka mofulumira pamphasa, kapena woweramuka m'mphepete mwa nyanja atasenza ndowa ya madzi. Maso akayamba chikasu, thupi likatentha popanda malungo, kapena mtima ukagwidwa ndi chisoni chosatha, mayi afulumire kuchipatala, chifukwa mankhwalawa nthawi zina amavulaza chiwindi ndi magazi. Ndipo akachira, madokotala amawasintha m'masiku oyamba omwewo poopa nthenda ya maganizo. Ngakhale mapiritsi owonjezera magazi, amene amaperekedwa kusikelo komweko, amafooketsa mphamvu ya methyldopa akamwedwa pamodzi, kotero nkofunika kusiyanitsa nthawi zake.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Komatu mayi wochokera kutali, wochita manyazi pamaso pa anthu ovala zoyera, sangafunse ngati sapatsidwa mpata. Chifukwa chake tikupempha anamwino ndi madokotala a pachipatala chachikulu cha Mangochi, cha St Martin's ku Malindi ndi zipatala zonse za m'boma lino kuti afotokoze zimenezi modekha, m'Chichewa ndi m'Chiyao, kufikira wodwalayo atabwereza yekha zimene wamva. Inunso amayi ndi abambo, musagawane mapiritsi ndi mnansi, musawirikize muyeso pamene mwaiwala kumwa, ndipo musaleke chifukwa mutu waleka kuwawa, pakuti nthendayi imakula mwakachetechete. Mapiritsi asanathe, bwererani kuchipatala akakuyezeninso.