Ulendo wathu wa panjinga: tisankhe Salima mpaka Nkhotakota

Amayi ndi atsikana anzathu, masiku 16 olimbana ndi nkhanza kwa amayi ayamba pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, ndipo tidagwirizana kuti chaka chino tipalasa njinga m'mbali mwa nyanja. Funso ndi loti tipalase chigawo chiti. Ena akuti Mangochi mpaka Monkey Bay, ena akuti Nkhata Bay mpaka Chintheche poti kumeneko zithunzi zimatuluka bwino. Ife tikuti Salima mpaka Nkhotakota, pamsewu wa M5.

Choyamba, njirayi ilibe zitunda zoopsa. Mayi amene amapalasa njinga yakeyake tsiku ndi tsiku kupita kuchigayo kapena kumsika atha kutsagana nafe kuchoka pa Khombedza kukafika pa Benga osakomoka. Kumpoto kuja, zitunda za ku Nkhata Bay zimafuna njinga za magiya. Ndi angati mwa ife ali nazo? Ulendo wa amayi umene amayi wamba sangaukwanitse, ndi wa ndani?

Chachiwiri, tikufuna kukacheza ndi amayi ogula ndi kugulitsa nsomba, monga a pa Chia. Tonse tikudziwa zomwe zimachitika m'madoko: nsomba zikachepa, asodzi ena amati ndalama yokha siyokwanira, mpaka mayi agone nawo ndi pomwe amugulitse usipa. Imeneyi ndi nkhanza, si bizinesi. Tikawauze amayiwa kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Tikakumbutsenso makolo kuti kuyambira 2017 malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18.

Inde, njirayi ili ndi zovuta zake. Ndi makilomita opitirira 100, msewu ndi wopapatiza, magalimoto akuluakulu amadutsa pafupipafupi, ndipo nyanjayo simaioneka ulendo wonse. Dzuwa la Novembala nalo silinyengerera. Nchifukwa chake tikuti tigawe masiku atatu, tizinyamuka m'mamawa kwambiri, dzuwa likafika paliwombo tizikhala titapuma, ndipo tiziyenda pagulu galimoto ya madzi ili pambuyo.

Ena adzatiseka kuti mzimayi wavala thalauzi pa njinga. Aseke basi, ifeyo tikupalasa. Mukuti bwanji amayi? Amene muli ku Salima ndi ku Nkhotakota, tiuzeni malo amene tingaime n'kucheza nanu.