Musamunamize wogonetsa uja

Sabata yatha ndinaperekeza malume anga ku opaleshoni ya chophukacho. Mantha awo anali amodzi basi: "Akandigonetsa, ndidzukanso ine?" Ndiye akazi awo, mwa chikondi, anawazembetsera kaphala mbandakucha kuti akalowe ndi mphamvu.

Malume anaulula atafunsidwa kachiwiri. Opaleshoni inaimitsidwa pomwepo, mayi aja n'kuyamba kudandaula za ndalama ya minibasi.

Inetu ndikuti wogonetsayo anachita bwino. Tulo ta mankhwala si tulo ta pamphasa ayi. Kunyumba ukatsamwa umatsokomola n'kudzidzimuka, koma ukagonetsedwa pakhosi sipadzitetezanso. Chakudya chikabwerera kuchokera m'mimba chimatha kulowa m'mapapo, munthu n'kutisiya mpeni usanamukhudze n'komwe. N'chifukwa chake amati maola 6 osadya kanthu. Si nkhanza.

Akamakufunsani za mowa, fodya, mapiritsi a BP ngakhale zitsamba za agogo, nenani zoona. Sakukuzengani mlandu, akufuna adziwe mankhwala okuyenerani ndi mlingo wake.

Malume anabwerera Lachinayi, m'mimba muli pululu. Anangowabaya jakisoni wa pamsana, kuyambira m'chiuno kutsika kunachita dzanzi, ndipo opaleshoni yonse anali maso. Pano akutisokosa kuti madokotala ankakamba za mpira.