Bokosi la amayi kumudzi likudyedwa ndi mitengo, komanso ndi ife ana awo

Lachinayi lapitali amayi anga adandiimbira foni dzuwa lili paliwombo. Iwo saimba masana, amadikira usiku akamaliza za kumunda ndi zapakhomo, nde nditangoona nambala yawo ndidadziwa kuti kuli nkhani. Adati kalabu yawo yalephera kugawana ndalama za chaka chino pa tsiku lomwe adapangana chifukwa amayi atatu sadabweze ngongole. Mvula yayamba kale kugunda, ndipo feteleza wa mudzi wonse akudikira ndalama zomwezo. Nditafunsa kuti atatuwo ndalama adapita nazo kuti, adayankha mosapsatira: "Palibe adadya yekha. Onse adatumiza kwa ana awo a m'tauni, anzako."

Ndidakhala chete kaye. Laputopu yomwe ndikulembera nkhani inoyi idagulidwa ndi ngongole ya m'bokosi lomwelo ndili chaka chachitatu kukoleji. Ndidalonjeza kuti ndithandiza kubweza ndikapeza kaganyu. Sindidathandize. Amayi adagulitsa matumba awo a mtedza nthawi isanakwane, pamtengo wolira, kuti asachite manyazi pagulu. Izi ndidazimva patadutsa chaka, kuchokera kwa mchemwali wanga.

Kalabuyi ili m'mudzi wina kufupi ndi Mponela m'boma la Dowa ndipo ndi yakale kuposa ine. Yasintha maina ndi zochita kangapo, koma mabanja ndi omwewo, mtengo wa mango wokumanirapo ndi womwewo. Agogo anga aakazi adalimo m'zaka za m'ma 1980. Amati nthawi imeneyo mlangizi wamwamuna ankapita kwa abambo kukawaphunzitsa za chimanga chamakono ndi ngongole ya feteleza, pomwe amayi ankapatsidwa mlangizi wamkazi wowaphunzitsa kusoka, kuluka ndi kuphika. Mpaka lero agogo amaseka akakumbukira kuti adaphunzira kuphika keke mumphika wa mchenga pomwe m'nyumba mwawo ufa wa tirigu sunkalowamo. Koma mbandakucha wopita ndi khasu kumunda adali iwo omwe.

Mu 1985 kudabwera bungwe la Chitukuko Cha Amayi m'Malawi, CCAM, lomwe ankatsogolera Mama Cecilia Tamanda Kadzamira. Agogo amati kuyambira pamenepo kudali kovuta kudziwa pomwe kalabu yathera ndi pomwe chipani chayambira. Tsiku lina mukusoka, tsiku lina mukulima munda wa bungwe, tsiku lina mwakwera lole kukavina. CCAM idazilala ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo kwathu palibe adailira kwenikweni.

Chomwe anthu adalira ndi ngongole. Makalabu a alimi ankatenga mbewu ndi feteleza pangongole ya boma, yomwe kuyambira mu 1988 inkayendetsedwa ndi nthambi ya SACA. Lamulo lidali lokhwima: mmodzi akalephera kubweza, gulu lonse silikalandira chaka chamawa, ndipo wolepherayo ankalandidwa njinga, mbuzi, ngakhale malata. Ngongole zoposa 90 mwa 100 zilizonse zinkabwezedwa, mpaka a mayiko ena ankatitchula ngati chitsanzo. Kenaka kudagwa chilala cha 1992, kudabwera riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo mphekesera idafala kuti ngongoleyo ndi ya boma lomwe likuchoka, palibe chifukwa chobwezera. Anthu adasiya kubweza. Pofika 1994 SACA idagwa, m'malo mwake mudalowa kampani ya Malawi Rural Finance Company, yomwe nayonso idadzatha.

Nkhani imeneyi tabwereza kangati? MARDEF ya mu 2005, kenaka MEDF, kenaka NEEF ya mu 2020. Dzina limasintha, nyimbo ndi yomweyo: pangani magulu, landirani ngongole, ndipo pakapita nthawi akuluakulu a bungwelo ali pa wailesi kudandaula kuti anthu sakubweza. Ndalama ikachokera kumtunda, makamaka chisankho chikayandikira, anthu amaiona ngati yopanda mwini.

Kalabu ya amayi anga idatsala pang'ono kufera pomwepo. Kwa zaka zingapo idangokhala ya chiperegani ndi kuthandizana pamaliro, mpaka itabwera banki mkhonde. Ambirife timaganiza kuti banki mkhonde ndi nzeru ya kuno, koma idayambira ku Niger mu 1991, komwe bungwe la CARE lidayesa njirayi ndi amayi a kumidzi, ndipo kuno idafala kudzera m'mabungwe osiyanasiyana. Kayendetsedwe kake mukukadziwa: kukumana sabata iliyonse, kugula masheya, kudinda m'kabuku, kubwerekana pa chiwongoladzanja, kathumba kapadera ka matenda ndi maliro, bokosi la maloko atatu makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo bokosilo limagona kwa munthu wachinayi. Chaka chikatha amaswa, aliyense n'kutenga molingana ndi masheya ake. Kwathu amaswa mvula ikamayandikira, dala, kuti ndalama ipite ku feteleza, mbewu ndi fizi.

Chimene chasunga njira imeneyi, pomwe za boma zakhala zikugwa, si bokosi kapena maloko. Ndalama iliyonse m'menemo ili ndi nkhope. Ukalephera kubweza, sukubera boma la ku Capital Hill, ukubera mayi yemwe mumatunga naye madzi pamjigo umodzi, yemwe adakuphikira phala uli chikuta. Bungwe lomwe lidawaphunzitsa lidachoka kalekale, galimoto zake sizionekanso, koma amayi aja akukumanabe Lachitatu lililonse.

Nde vuto lili pati? Loyamba ndi la masamu. Mu May 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo kwa miyezi yambiri ya 2024 kukwera mitengo kwa zinthu kudali pamwamba pa 30 peresenti. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 lomwe linkagulidwa cha m'ma K20,000 mu 2020, pofika 2025 lidali litadutsa K100,000. Tiyerekeze mayi waponya K100,000 chaka chonse ndipo pogawana walandira K130,000. Amabwera kunyumba akuvina, chitenje chatsopano m'chiuno. Koma ngati zinthu zakwera ndi 30 peresenti m'chaka chomwecho, wangobwerera pomwe adali. Ngati zomwe akufuna kugula ndi feteleza, wabwerera m'mbuyo.

Ndipo phindu limenelo silichokera kumwamba. Ndi chiwongoladzanja chomwe amayi omwewo amalipirana. Apa pali chinthu chomwe sitikonda kunena tikamayamikira banki mkhonde pa misonkhano ya m'mahotela: yemwe amabwereka kwambiri nthawi zambiri ndi wovutikitsitsa, ndipo yemwe amatenga gawo lalikulu pogawana ndi wa masheya ambiri, mkazi wa mwini golosale kapena wa aphunzitsi. M'magulu ena amafika pokakamiza aliyense kubwereka kuti ndalama isagone m'bokosi, kaya ali ndi bizinesi kaya alibe. Munthu wabwereka popanda chochita nazo, wagulira ndiwo ndi sopo, mwezi wamawa chiwongoladzanja chikumudikira. Tikamamva kuti mayi wathawa pamudzi chifukwa cha ngongole ya banki mkhonde, kawirikawiri zimayamba choncho.

Amayi a kwathu masamu amenewa adawaona kale, sadadikire wa digiri kuti awauze. Zaka zaposachedwa adayamba kuchotsa gawo la ndalama nthawi yokolola n'kugula soya ndi mtedza, kusunga m'nyumba ya mmodzi wa iwo, n'kudzagulitsa pamodzi mitengo ikakwera. Ali ndi mbuzi zopatsirana: ikaswa, mwana amapita kwa mayi wina. Adaphunziranso kupanga manyowa a Mbeya, kusakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, madeya, phulusa ndi madzi, n'kumanga m'thumba kwa masiku 21, kuti thumba limodzi logula lifike patali. Ena amabzala nandolo pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi, njira yomwe alimi a ku Ekwendeni akhala akuyesa kuyambira cha m'ma 2000 pofuna kubwezera chonde m'nthaka. Ntchito ya kumunda ikachuluka amathandizanabe ngati dima la kale, kungoti masiku ano thobwa amachita kusonkherana.

Kugulitsa pamodziko n'kofunika kuposa momwe ambirife timaganizira. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira chaka chilichonse, koma mtengowo umathera papepala. ADMARC, yomwe idatsekedwa kwakanthawi mu 2022 antchito ake n'kuchotsedwa, imafika mochedwa kapena osafika n'komwe. Wotsala ndi venda ndi sikelo yake yopachika pamtengo. Mayi mmodzi wa ndowa ziwiri alibe mawu pamaso pa venda. Amayi makumi awiri a matumba awo pamodzi amatha kunena kuti sikelo iyi ayi, tiyeze ndi yathu.

Vuto lachiwiri ndi ife, ndipo ili ndi lomwe likundisowetsa tulo. Tikasowa ya lendi ku Area 25 kapena ku Ndirande, tikafuna ya pasipoti, ya thiransipoti yopita ku Joni, ya foni yatsopano poti yakale yafa sikirini, timaimba kumudzi. Timadziwa kuti amayi alibe ndalama m'thumba, koma timadziwanso kuti Lachitatu kuli bokosi. Iwo sangakane, mwana ndi mwana. Amakasaina dzina lawo, ndalama imalowa pa Airtel Money kapena Mpamba, ife n'kulemba kuti "zafika, Mulungu akudalitseni". Ngongole ija kwa ife ilibe nkhope. Sitikhala pansi pa mtengo wa mango paja msungichuma akamawerenga maina a omwe sadabweze. Tasanduka ngati alimi a mu 1993 aja, oona ndalama ngati yopanda mwini, kusiyana kwake n'kwakuti mwini wake ndi mayi wotibereka.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena mukuwerenga pafoni panupo: ntchito kulibe, aise, munthu atani? Zoona. Mmodzi mwa ana atatu aja adapita ku Johannesburg ndipo mpaka pano sadapeze chogwira. Sindikuti ndi mbava. Koma taonani komwe vuto la kusowa ntchito m'tauni likukathera: m'bokosi lomwe lidapangidwa kuti ligule mbewu ndi feteleza. Ngongole ya banki mkhonde imakwanika ikalowa mu geni yobweza msanga, mandasi, tomato, usipa. Ikalowa mu lendi ya mwana wofunafuna ntchito, palibe chomwe chibwerere mwezi umenewo, pomwe chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi. Feteleza akachedwa, zokolola zimachepa, ndipo thumba la ufa lomwe timalandira pa depoti mu June lija limachepanso.

Kwa andale ndi mabungwe, pempho langa ndi lakuti musathire ndalama zanu m'bokosi limeneli. Tsiku lomwe mudzaikemo ya boma kapena ya phungu, mudzamva kuti "ija ndi yaulere", ndipo za SACA zidzabwereranso. Ngati mukufuna kuthandiza, tumizani a Malawi Bureau of Standards akayendere masikelo a mavenda nthawi yokolola. Lembani alangizi, poti pano mlangizi mmodzi akuyang'anira alimi oposa chikwi. Gwirani mitengo ya zinthu kuti K100,000 ya mu January ikhalebe ndalama pofika December. Zinazo amayi amatha okha.

Ife a mafonife tili ndi zochita zing'onozing'ono. Kuwauza mtengo wa soya ku Lilongwe venda asanafike. Kuchenjeza msungichuma za mauthenga aja akuti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", chifukwa magulu ena ayamba kusunga ndalama pafoni ndipo akuba akudziwa. Koma chachikulu, ukapempha amayi kuti akutengere ngongole, funsa tsiku lobweza ndi chiwongoladzanja chake, ulembe, uike alamu. Ine ya laputopu ija ndidayamba kubweza mochedwa kwambiri, pang'onopang'ono, ndipo amayi akalandira amakagula masheya m'dzina lawo.

Dzulo ndidawaimbiranso kufunsa momwe zathera. Gulu lapereka masabata awiri. Mmodzi mwa atatu aja mwana wake watumiza theka. Wachiwiri achimwene ake alonjeza kumuthandiza. Wachitatu, yemwe mwana wake ali ku Joni, wauza gulu kuti ngati foni siilira pofika Lachitatu, mbuzi yake ya bere ipita kumsika wa Mponela.